CHINGEREZI CHA KUNJA KWA KALASI: KUUNIKA LINGALIRO LA KU SWEDEN PA NTHAKA YA MULANJE

1. Chiyambi

Mwa malingaliro amene afala pakati pa akatswiri a kaphunzitsidwe ka ziyankhulo m'zaka zino, limodzi ndi lakuti mwana wa msinkhu wa kusekondale amatola Chingerezi chambiri kunja kwa kalasi kuposa chimene mphunzitsi amamulembera pa bolodi. Lingaliroli lili ndi umboni wake, ndipo ife sitikulitsutsa kumene linabadwira. Chimene tikufuna kuunika m'pepala lino ndi ichi: kodi mbewu imeneyi ikazulidwa ku Ulaya n'kudzaokedwa m'boma la Mulanje, imagwira?

Funsoli si lamaseŵera. Wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Yunivesite imafuna kuti akhale ndi kirediti m'phunziroli. Ndipo ndime 51 ya malamulo oyendetsera dziko lino a chaka cha 1994 imafuna kuti munthu woimira anthu ku Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuŵerenga Chingerezi. Motero tikalakwitsa poganiza za kumene mwana amachipeza chiyankhulochi, amene alipire mtengo wa kulakwitsa kwathuko ndi mwanayo.

Tasankha Mulanje chifukwa bomali lili ndi zinthu zimene maboma ena akumidzi alibe: phiri lokopa alendo ochokera kunja, ndi minda ya tiyi imene inayamba ndi anthu oyankhula Chingerezi m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anabzala tiyi ku Lauderdale. Ngati pali dera lakumidzi kumene Chingerezi cha kunja kwa kalasi chinayenera kuchuluka, ndi lino. Chikapereŵera kuno, okonza ndondomeko za ziyankhulo ayenera kudzifunsa za kwina konse.

2. Zimene anapeza ku Sweden

M'chaka cha 2009 Pia Sundqvist anapereka ku yunivesite ya Karlstad kafukufuku wake wa digiri ya udokotala, m'mene anagwiritsa ntchito dzina lakuti extramural English, ndiko kunena Chingerezi cha kuseri kwa zipupa za sukulu. Iye anatsata ophunzira 80 a zaka 15 ndi 16, amene ankalemba m'kabuku nthaŵi imene athera pa nyimbo, mafilimu, wailesi yakanema, mabuku, intaneti ndi maseŵera a pakompyuta a m'Chingerezi. Anapeza kuti amene ankathera nthaŵi yambiri pa zimenezi ankadziŵa mawu ambiri ndipo ankayankhula bwino. Anapezanso kuti zochita zofuna kuti mwana aŵerenge, alembe kapena ayankhe zinali zaphindu kuposa zongomvera kapena kungoonera.

Mizu ya maganizoŵa ndi yakale. Stephen Krashen, m'buku lake la 1982, anasiyanitsa kuphunzira malamulo a chiyankhulo ndi kuchitola mosazindikira, nati munthu amatola chiyankhulo akamamva zinthu zimene tanthauzo lake likumufika. Merrill Swain m'chaka cha 1985 anawonjeza kuti kumva kokha sikukwanira: munthu ayenera kukakamizika kuyankhula kuti aone pamene akupereŵera.

Sundqvist sananene kuti zimene anapezazo n'zoona paliponse, ndipo cholakwa chili mwa ife tikamaŵerenga ntchito yake n'kuiŵala nthaka imene inamerapo. Chiswidishi ndi Chingerezi ndi ziyankhulo zapachibale, zofanana m'mawu ambiri ndi m'kaumbidwe ka ziganizo. Ku Sweden mafilimu achilendo amaonetsedwa ndi mawu a eni ake, tanthauzo lake likulembedwa m'munsi m'Chiswidishi, kotero kuti khutu limamva Chingerezi pamene diso likuŵerenga chiyankhulo cha kwawo. Ndipo mwana aliyense wa m'kafukufukuyo anali ataphunzitsidwa kale kuŵerenga bwino m'chiyankhulo chake, ali ndi magetsi m'nyumba ndi laibulale pafupi. Zitatuzi ndizo mafuwa amene mphika wa lingaliroli wakhalapo.

3. Phunziro la Chilomwe

Tisanaone mmene achinyamata a ku Mulanje amakumanira ndi Chingerezi lero, tiyambe taona mmene makolo awo anatolera chiyankhulo china popanda kalasi, pakuti mbiri imeneyi ndiyo umboni waukulu umene tili nawo.

Alomwe analoŵa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pothaŵa njala ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Ambiri anakhala pa minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo, akulipira malowo ndi ntchito ya thangata. Eni mindayo anali oyankhula Chingerezi, koma chiyankhulo chimene Alomwe anatola chinali Chinyanja cha Amang'anja amene anawapeza. Kalembera wa 1966 anasonyeza kuti anthu 14.5 mwa 100 alionse m'Malaŵi ankayankhula Chilomwe pakhomo; pa kalembera wa 1998 chiŵerengerocho chinali chitatsika kufika pa 2.4, pamene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 amadzitcha Alomwe. Alfred Matiki analemba za kusintha kumeneku m'zaka za m'ma 1990. Kunyozedwa kwa mtunduwu pa nthaŵi ya atsamunda, ndiponso chigamulo cha 1968 chokweza Chicheŵa, zinathandizira ndithu. Ndipo bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2007 ndipo likulu lake lili pa Chonde m'boma lomweli, likuyesa kubweza chimene chinatayika.

Chimene ife tikutolapo ndi chakuti mtundu wathunthu unasintha chiyankhulo m'mibadwo iŵiri kapena itatu, ndipo chiyankhulo chimene unatenga chinali cha pamsika, cha pachitsime, cha paukwati ndi pabwalo la milandu. Chingerezi chinakhala pa khonde la bwana zaka zoposa 100, koma chimene chinasiya m'midzi ndi mawu amodziamodzi: esiteti, fakitale, kalaliki, tikiti, sikelo, nazale. Pakati pa mzungu ndi wothyola tiyi pankaima kapitawo, amene dzina lake lomwe ndi lochokera ku Chipwitikizi, ndipo iye ankalamula m'Chinyanja. Zomwezo tikuziona lero pa Muloza ndi pa msika wa Limbuli, pamene malonda a pakati pa Mulanje ndi Milange amayenda m'Chicheŵa ndi m'Chilomwe, mwa apo ndi apo mukugwera mawu a Chipwitikizi.

Braj Kachru m'chaka cha 1985 anagaŵa maiko ogwiritsa ntchito Chingerezi m'magulu atatu, ndipo maiko amene analamulidwa ndi Britain, monga lathu lino, amagwera m'gulu limene Chingerezi chili chiyankhulo chachiŵiri. Kugaŵa kumeneku n'koona m'maofesi a mu Blantyre. Kwa mtsikana wa m'mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo, Chingerezi ndi chiyankhulo chachilendo, chimene angathe kukhala sabata yathunthu ya tchuthi osachimva chikuyankhulidwa kwa iye.

4. Makomo amene alipo

Sitikunena kuti kunja kwa kalasi kulibe Chingerezi mpang'ono pomwe. Makomo alipo, ndipo tiyenera kuyesa kukula kwa lililonse.

Khomo loyamba ndi phiri. Pa Likhubula, pamene alendo ambiri amayambira ulendo wopita ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila kapena pamwamba pa Sapitwa, pa mamita 3,002, pali anthu onyamula katundu ndi olondolera njira amene amayankhula Chingerezi mosadodoma ngakhale ena a iwo sanapite patali ndi sukulu. Apa zonse zimene Krashen ndi Swain anafuna zakwanira. Tanthauzo lili pamaso: madzi aŵa, nkhuni izi, mwala woterera uwu, nkhungu ikubwerayo. Kuyankhula n'kokakamizika, pakuti mtengo uyenera kukambidwa ndipo mlendo ayenera kuchenjezedwa. Anyamata ogulitsa ziboliboli ndi timabokosi ta mkungudza amatola kwa akuluakuluŵa. Popeza UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse m'chaka cha 2025, khomoli likhoza kukulirako. Komabe ndi lopapatiza: ndi la midzi yoŵerengeka ya m'tsinde mwa phiri, ndi la amuna makamaka, ndipo limatseguka kwambiri m'chilimwe. Akuluakulu anati mlendo ndi mame.

Khomo lachiŵiri ndi nyumba zoonetsera vidiyo za m'malo a malonda monga Chitakale ndi Nkando. Apa ndi pamene kusiyana kwathu ndi Sweden kukuonekera poyera. Mafilimu ambiri amene amaonetsedwa m'nyumbazi amakhala atathiridwa kale mawu a Chicheŵa pamwamba pa mawu a eni ake, womasulira akusimba nkhani, akuseketsa ndi kupatsa anthu a m'filimumo maina akumudzi. Ntchito imeneyi ili ndi luso lake loyenera kulifufuza palokha, koma kwa wofuna Chingerezi imatseka khomo, pakuti khutu silimvanso chiyankhulo choyambacho. Chotsala ndi mpira wa ku England, umene oulutsa ake amathamanga pakamwa ndipo mawu awo ndi a bwalo la mpira lokha, ndi mafilimu a ku Nigeria osamasuliridwa. Pamenepa tizindikirenso kuti Chingerezi chimene wachinyamata amamva m'mafilimu ndi m'nyimbo kaŵirikaŵiri ndi cha ku Lagos, cha ku Kingston kapena cha ku America, pamene mayeso amamuyesa ndi muyeso wa ku Britain.

Khomo lachitatu ndi foni ya m'manja. Malangizo a m'foni ali m'Chingerezi, ndipo Facebook, WhatsApp ndi TikTok zafika ngakhale m'midzi. Koma mwana amalemberana ndi anzake, ndipo anzakewo amawalembera m'Chicheŵa chothira mawu a Chingerezi amene avala kale zovala zathu: kufulasha, kutchaja, mayunitsi, bandulo, magaye, dilu. Francis Moto analemba za chiyankhulo chatsopano cha achinyamata chimenechi m'chaka cha 2001, ndipo ena amachitcha Chibrazi. Kubwereka mawu kotere kumalemeretsa Chicheŵa, koma msana wa chiganizo umakhalabe wa Chicheŵa. Tiwonjeze kuti bandulo ndi yogula, ndipo pa kalembera wa 2018 nyumba zakumidzi zokhala ndi magetsi a ESCOM sizinkakwana imodzi mwa khumi.

Khomo lachinayi, limene akatswiri a ku Ulaya sangaliganizire, ndi tchalitchi. M'mipingo yambiri ya Chipentekoste mlaliki amanena chiganizo m'Chingerezi, womasulira n'kuchibwereza m'Chicheŵa, mpaka ulaliki wonse kutha. Kumeneku ndiko kufanana kwathu ndi mawu olembedwa m'munsi mwa filimu: chiganizo chachilendo ndi tanthauzo lake zimafika motsatana, sabata ndi sabata, kwa anyamata ndi atsikana omwe. Mawu ake ndi achipembedzo, ndipo womvera sayankha koposa mawu amodzi kapena aŵiri, koma ofufuza sayenera kulilumpha khomoli.

Tikayang'ana makomo anayiŵa pamodzi tiona kuti atatu oyambawo amakondera mnyamata. Nthaŵi imene iye ali pa Likhubula kapena m'nyumba ya vidiyo, mlongo wake ali kumadzi, kunkhuni kapena pamoto, ndipo makolo ambiri saona nyumba ya vidiyo ngati malo a mtsikana. Sundqvist nayenso anapeza kusiyana pakati pa anyamata ndi atsikana, koma kumeneko kunali kusiyana kwa zokonda. Kuno ndi kusiyana kwa mpata.

Pali khomo lachisanu limene linali lotseguka kwa ochepa ndipo tsopano ndi lotsekeka kwa ambiri: kuŵerenga kongodzisangalatsa. Ophunzira a kusekondale a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ankabwerekana mabuku a Pacesetters a kampani ya Macmillan, a James Hadley Chase, ndi a Malawian Writers Series osindikizidwa ndi Popular Publications ku Limbe, mpaka zikuto kuthothoka. Ophunzirawo anali ochepa, ambiri a iwo ogonera pasukulu pomwepo. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera. Kutsegula sukulu kwa onse kunali koyenera, koma mabuku sanachuluke molingana ndi ana. Pa zochita zimene Sundqvist anazipeza kuti n'zaphindu koposa, kuŵerenga ndiko kukanatheka kuno popanda magetsi, ndipo ndiko kukusoŵa.

5. Chingerezi chake n'chotani

Anthu amagaŵikana paŵiri poweruza Chingerezi chotoledwa m'makomo ameneŵa, ndipo ife tikuona kuti mbali zonse ziŵiri zimaphonya. Aphunzitsi ena amachitcha chothyokathyoka. Koma zambiri zimene amazitcha zolakwa zili ndi dongosolo lochokera ku Chicheŵa. Chicheŵa chili ndi mavawelo asanu, ndiye mawu ngati ship ndi sheep amamveka amodzi. Malembo l ndi r sasiyanitsa tanthauzo kwa ife. Mloŵam'malo wathu iye sasankha mwamuna kapena mkazi, ndiye he ndi she amasinthana. Mneni kumva amagwira ntchito ya khutu, ya mphuno ndi ya thupi lonse, ndiye mwana amaika hear ponseponse. Funso lokana timaliyankha povomereza kukanako, ndiye yes wa Mmalaŵi amasokoneza mlendo. Mphunzitsi wodziŵa gwero la zimenezi angazikonze msanga kuposa wongozilanga.

Mbali inayo ndi ya amene amamva mnyamata wa pa Likhubula akucheza ndi mzungu, n'kunena kuti ameneyu Chingerezi wachidziŵa. Jim Cummins m'chaka cha 1979 anasiyanitsa luso la kucheza pamaso ndi pamaso ndi luso la chiyankhulo cha maphunziro, ndipo pambuyo pake anasonyeza kuti ana a anthu osamukira ku Canada ankapeza luso loyambalo m'zaka ngati ziŵiri, koma lachiŵirilo linkawatengera zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziŵiri, ngakhale anali atazunguliridwa ndi Chingerezi usana wonse. Chingerezi cha paphiri n'chamoyo, koma sichingamufotokozere mwana ndime ya m'buku la sayansi. Ndipo popeza mayeso a Chingerezi a MSCE ndi olemba okhaokha, luso la pakamwa limene mnyamatayo ali nalo silimupatsa ngakhale malikisi amodzi.

6. Ndondomeko yodalira kunja kumene kulibe

Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa 1968 unagamula kuti Chicheŵa chikhale chiyankhulo cha fuko, ndipo kuti icho ndi Chingerezi zikhale ziyankhulo za boma. Kwa zaka zambiri ana ankaphunzitsidwa m'Chicheŵa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi n'kutenga malo mu Sitandade 5. M'chaka cha 1996 Unduna wa za Maphunziro unalamula kuti m'makalasi anayi oyambawo mugwiritsidwe ntchito chiyankhulo cha m'deralo, koma mabuku a ziyankhulo zinazo sanatsatire. Kenaka lamulo la za maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi, ndipo m'chaka cha 2014 nduna ya maphunziro ya nthaŵiyo, Dr Lucius Kanyumba, inalengeza kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1.

Ganizo la kuseri kwa chigamulochi ndi lakuti mwana akamizidwa m'chiyankhulo adzachitola monga momwe anatolera cha amayi ake. Koma kumiza kumafuna dziŵe. Mwana wa ku Sweden ali nalo kunja kwa sukulu, ndipo n'zochititsa chidwi kuti kumeneko sukulu zambiri zimaphunzitsa m'Chiswidishi. Mwana wa ku Mulanje, monga taonera, ali ndi timadontho. Umboni wotsutsa njirayi unalipo kale. Eddie Williams, m'kafukufuku amene anachita m'zaka za m'ma 1990 nasindikizidwa mu 1998, anayerekeza ana a m'kalasi lachisanu a ku Malaŵi, ophunzitsidwa m'Chicheŵa, ndi a ku Zambia, kumene Chingerezi chinali chophunzitsira kuyambira kalasi loyamba chiyambire 1966. Pa kuŵerenga Chingerezi magulu aŵiriŵa sanasiyane kwenikweni, koma pa kuŵerenga chiyankhulo cha kwawo ana a ku Malaŵi anaposa kutalitali. Zaka zinayi za Chingerezi chosamveka sizinawagulire kanthu ana a ku Zambia, ndipo dzikolo linasintha njira yake pambuyo pake.

Pakhala njira ziŵiri zoyesera kukumba dziŵe losoŵalo. Ina ndi ya Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama m'chaka cha 1981, kumene ana ogonera pomwepo ankakhala m'Chingerezi usana ndi usiku pansi pa aphunzitsi ochokera kunja. Njirayi imabala zipatso, koma kwa ana mazana oŵerengeka ndi pa mtengo umene dziko silingaufalitse. Inayo ndi ya sukulu zimene zimaletsa chiyankhulo cha makolo pabwalo, wogwidwa akuyankhula Chicheŵa n'kupatsidwa chibalo. Ambiri a ife tinadutsa m'menemo, ndipo tikukumbukira kuti chimene chinkachuluka pabwalopo ndi kunong'ona ndi kukhala chete.

7. Mawu otsiriza

Lingaliro la Chingerezi cha kunja kwa kalasi lili ndi phindu limodzi lalikulu kwa ife: limatikakamiza kufunsa kuti mwana amakhala maola angati pa sabata akumva kapena kuŵerenga Chingerezi chimene tanthauzo lake likumufika. Yankho la funsoli ku Mulanje silifanana ndi la ku Karlstad, ndipo ndondomeko iyenera kumangidwa pa yankho la ku Mulanje. Potsatira zimene takambazi, tikupereka maganizo anayi.

Loyamba, ofufuza athu, kuphatikizapo a Centre for Language Studies imene inaloŵa m'malo mwa Chichewa Board m'chaka cha 1996, asatenge kabuku ka Sundqvist monga kaliri. Kabuku ka kuno kafunse za tchalitchi, za msika, za phiri ndi za foni yobwereka. Kasiyanitse filimu yomasuliridwa ndi yosamasuliridwa. Kalembenso Chilomwe ndi Chipwitikizi. Ndipo atsikana aŵerengedwe paokha.

Lachiŵiri, ndalama zoyamba zipite ku mabuku a nthano osavuta, a m'Chicheŵa ndi a m'Chingerezi, amene wophunzira wa sukulu yoyendera angaloledwe kupita nawo kunyumba. National Library Service, imene yakhalapo chiyambire 1968, ili ndi ukadaulo wa ntchito imeneyi.

Lachitatu, wailesi igwiritsidwe ntchito kwa achinyamata monga momwe pulogalamu ya Tikwere inayesera kwa ana a pulayimale kuyambira 2008, pakuti wailesi imafika pamoto pamene mtsikana ali. Nyumba za wailesi yakanema nazo ziyese kuonetsa mafilimu ndi mawu a eni ake, Chicheŵa chikulembedwa m'munsi.

Lachinayi, ndime ya chiyankhulo chophunzitsira ya m'lamulo la 2013 iunikidwenso, kuti mwana ayambe wadziŵa kuŵerenga m'chiyankhulo chimene amachimva, Chingerezi chikuphunzitsidwa bwino monga phunziro ndi aphunzitsi okonzekeretsedwa. Mawu olembedwa m'munsi mwa filimu ndi buku lobwereka kulaibulale, zonse ziŵiri zimathandiza mwana yekhayo amene amatha kale kuŵerenga.